Mbewu Yamakono: Kuchokera ku Chitedze Mpaka mu Mtondo

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero tikulankhula nanu kuchokera ku Area 13, pakati penipeni pa City Centre mumzinda wa Lilongwe. Wina afunsa kuti nkhani ya mbewu yadzatani pakati pa maofesi ndi mabanki, komwe anthu amayenda atamanga mataye. Dikirani mumve.

Mwezi wa Okutobala ukamatha, malipiro akangolowa, foni za anthu ogwira ntchito kuno sizipuma. Akuimba ndi amayi ku Mitundu, amalume ku Kasiya, achemwali ku Nathenje kapena ku Mchinji, ndipo mawu ake ndi amodzimodzi: mitambo yayamba kusonkhana, titumizireni ya mbewu ndi feteleza. Ena amatumiza ndalama pafoni. Koma ambiri amatsikira okha ku Old Town, kumsewu wa Malangalanga, n'kugula paketi, n'kuipatsira kondakitala wa minibasi. Ndiye kuti mbewu yambiri yomwe imabzalidwa m'midzi yozungulira mzinda uno imasankhidwa ndi munthu amene sadzagwira khasu m'mundamo, sadzakonola chimangacho, ndipo sadzaona nankafumbwe akachilowa. Onjezanipo anzathu a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 omwe ali ndi kamunda kuseri kwa nyumba. Pulogalamu ya lero ndi yanu nonse, pamodzi ndi alimi eni ake.

Tiyambire ku Chitedze. Mukatuluka mumzinda uno kulowera msewu wa ku Mchinji, pamtunda wa makilomita pafupifupi 16, mufika pamalo ofufuzira zaulimi omwe anatsegulidwa m'chaka cha 1948. Mbewu zambiri zomwe timazitcha zamakono zinadutsa m'minda ya pamalopa zisanafike m'sitolo. Ndipo pali nkhani imodzi ya ku Chitedze yomwe ndikufuna tiifatsire, chifukwa ikuyankha funso lomwe ophunzira ambiri amafunsa mokwiya: n'chifukwa chiyani alimi amakana mbewu yobereka kwambiri?

Chimanga cha haibulidi si chachilendo kuno. M'chaka cha 1960, akatswiri a ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, anatulutsa mbewu yotchedwa SR52, ndipo inafika ndi kuno. M'munda inkachita zodabwitsa. Koma kwa zaka zambiri, mlimi wamng'ono wa ku Malawi ankati akabzala haibulidi, ankabzala kagawo kogulitsa ku ADMARC, pomwe munda waukulu ankausiyira chimanga cha makolo. Alangizi ankadandaula kuti anthu ndi osamva. Anthuwo sanali osamva ayi. Ankadziwa chinthu chomwe sikelo ya m'munda wa kafukufuku sinkayeza.

Funsani mayi aliyense amene anagwirapo munsi. Chimanga cha makolo chili ndi maso olimba, osalala pamwamba. Mukachikonola mu mtondo, gaga amachoka yekha, mphale n'kutsala yambiri, ndipo mukaiviika n'kuigayitsa mumapeza ufa woyera wokwanira. Haibulidi wakale uja anali wa maso ofewa, opindika pamwamba. Mukathira mu mtondo ankangofumbutuka, ufa wambiri n'kupita ndi gaga. Choncho matumba owonjezera omwe mwapeza kumunda, ena ankathera pa lichero. Otsalawo nankafumbwe ankawalowa msanga m'nkhokwe, popeza makoko ake sankaphimba bwino nsonga ya chisononkho. Banja lomwe ladalira haibulidi yekhayo linkatha kufika mu Januwale nkhokwe ili fumbi lokhalokha.

Zinthu zinasintha akatswiri a ku Chitedze atamvera zomwe amayi ankanena. Mogwirizana ndi bungwe la CIMMYT, lomwe likulu lake lili ku Mexico, anakwatitsa haibulidi yemwe analipo kale ndi chimanga cha maso olimba. M'chaka cha 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18. Mbewu ziwirizi zinkabereka ngati haibulidi, koma mu mtondo zinkayandikira chimanga cha makolo. Alimi omwewo omwe ankanenedwa kuti ndi osamva anazilandira mwachangu. Panalibe amene anawakakamiza. Ine ndimaona kuti mtondo wa amayi unachita ntchito yaikulu pa kafukufuku wa chimanga m'dziko muno kuposa misonkhano yambiri ya m'mahotela.

Lero zigayo zokonolera zafala, ndipo mabanja ambiri amadya mgaiwa, koma funso lija silinathe. Musanagulire amayi anu paketi, afunseni kuti chimangachi akufuna chodya kapena chogulitsa, adzachisunga miyezi ingati, ndipo adzachisunga motani. Ngati n'chofewa, m'ndalama zomwezo muwerengeremo matumba osalowa mpweya aja a PICS, kapena mankhwala osungira mbewu.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Nkhani ya MH18 ili ndi mbali ina yowawa. Mbewuyi itangoyamba kufala, kunagwa chilala choopsa cha 1992. Alimi ambiri analephera kubweza ngongole za m'makalabu, ndipo pofika 1994 ndondomeko ya boma yobwereketsa alimi ang'onoang'ono inali itagwa. Chaka chomwecho ndalama ya kwacha inatsika mphamvu, feteleza n'kukwera mtengo. Ambiri anabwerera ku mbewu ya m'nkhokwe, osati chifukwa chodana ndi MH18, koma chifukwa thumba linali litabooka. Ndondomeko zonse zomwe zabwera pambuyo pake, kuyambira Starter Pack wa 1998, makuponi omwe anayamba mu 2005 mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, mpaka AIP ya 2020, zakhala zikulimbana ndi vuto lomwelo: mbewu yamakono ilipo, koma mlimi aigula ndi chiyani, ndipo aidyetsa chiyani?

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mukasankha haibulidi mwasankhanso zofuna zake. Amafuna kubzalidwa ndi mvula yoyamba yokwanira, osati mutatha kaye ganyu m'minda ya ena. Amafuna mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi paphando, njira yomwe ambiri timaitcha Sasakawa. Mukatero, ekala imodzi imadya makilogalamu pafupifupi 10 a mbewu. Amafuna feteleza wokulitsa pobzala kapena chikangomera, ndi wobereketsa pakatha masabata 3 kapena 4. Amafuna kupaliridwa udzu usanamupitirire. Mlimi wamba m'dziko muno amakolola matani 2 kapena kucheperapo pa hekitala, pomwe mbewu yomweyo ikasamalidwa bwino imatha kupereka kuwirikiza katatu. Kusiyana kumeneku sikuli m'paketi ayi. Kuli m'nthaka yotopa, m'kuchedwa kubzala, m'kaufiti, ndi m'feteleza wochepa womwazidwa munda wonse.

Apa ndiye pamene ife a m'tauni timalakwitsa kwambiri. Timagula mbewu yokwanira maekala atatu chifukwa paketi ndi yotchipa poyerekeza ndi feteleza, kenako n'kutumiza thumba limodzi. Kuli bwino kulima ekala imodzi yodyetsedwa mokwanira, thumba lokulitsa ndi thumba lobereketsa, kuwonjezapo manyowa, ndipo malo otsalawo mubzalepo mtedza kapena soya. Za zimenezi ndibwerakonso.

Funso lomwe limabwera chaka chilichonse ndi ili: kodi haibulidi yemwe ndakolola ndingamubzalenso? Kumera amera, musakaike. Koma haibulidi ndi mwana wa makolo awiri osankhidwa mwapadera, ndipo mphamvu yake imaonekera pa mbadwo woyamba wokha. Mukabzala zokolola zake, muona munda wosalingana, china chachitali, china chachifupi, china chosabereka, ndipo zokolola zimatsika. Kwa banja lomwe silingathe kugula mbewu chaka ndi chaka, pali mtundu wina wa chimanga chamakono chomwe si haibulidi, monga ZM523 ndi ZM309, chomwe chinabwera kudzera ku CIMMYT ndipo chimapirira ng'amba. Chimenechi mungathe kuchibwereza zaka ziwiri kapena zitatu, bola musankhe zisononkho zabwino za pakati pa munda, kutali ndi chimanga cha anansi. Sichifika pomwe amafika haibulidi wodyetsedwa bwino, koma sichikusiyani padzuwa.

Tsono za kutalika kwa mvula. A Seed Co anapatsa mbewu zawo maina a nyama, ndipo alimi ambiri amazidziwa motero: Kanyani ndi yocha msanga, Mkango ndi yapakatikati, Njovu ndi yochedwa koma yobereka kwambiri. Makampani ena monga Pannar, Dekalb ndi Demeter nawonso ali ndi magulu oterewa, ndipo paketi iliyonse imalemba masiku omwe mbewuyo imatenga. Werengani masiku amenewo. Kuchigwa cha Lilongwe, ku Kasungu ndi ku Mchinji, komwe mvula ikayamba kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala imafika mu Malichi kapena Epulo, mbewu yapakatikati ndi yochedwa zimachita bwino. Koma mbewu yomwe yasangalatsa mnzanu wa mu ofesi pamunda wake wa ku Namitete isakupusitseni kuti muitumize ku Salima, ku Balaka kapena ku Chikwawa, komwe mvula ndi yaifupi ndipo dzuwa limaswa mtengo. Tonse tikukumbukira ng'amba ya 2024, pomwe Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi ya njala. M'chaka chotere, banja lomwe linagawa munda, kwina yocha msanga, kwina yochedwa, limakhala ndi pogwira. Kubetcha munda wonse pa mbewu imodzi ndi juga.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za mbewu zamakono, ndipo tili ku Area 13 mu Lilongwe. Tasiya chimanga, tilowe m'munda wa mtedza, chifukwa kwa alimi ambiri a m'chigawo chapakati, chimanga ndi cha m'mimba, koma ndalama ya fizi ndi malata imachokera ku mtedza ndi soya, makamaka pano pomwe fodya sakudalirika ngati kale.

Akuluakulu akukumbukira Chalimbana, mtedza wa maso akuluakulu womwe unatchukitsa dziko lino kunja. Ndi wokoma, palibe angatsutse, ndipo mpaka lero ogula ena amaufuna. Koma umachedwa kukhwima, ndipo matenda a kadukutu akaugwira, munda wonse umangofota, mitengo n'kupinimbira osaika kanthu pansi. Matendawa amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu, ndipo amakonda mtedza wobzalidwa mochedwa komanso motalikirana. Bungwe la ICRISAT linakhazikitsa ntchito yake ya mtedza ku Chitedze m'chaka cha 1982. M'chaka cha 1990 kunatuluka CG7, mtedza wofiira uja, wamafuta ambiri, wobereka kuposa Chalimbana. Koma nawonso kadukutu sankauopa, ndipo mliri wa matendawa utabuka m'dzinja la 1994 mpaka 1995, alimi a m'chigawo chapakati ndi anzathu a kum'mawa kwa Zambia analira. Yankho linadza m'chaka cha 2000 ndi mtedza wa Nsinjiro, womwe umapirira kadukutu. Kwa a m'madera otentha a mvula yochepa kunabwera Kakoma ndi Baka, yocha msanga. Kuchokera apo kwatulukanso mitundu ina yatsopano ya CG, ndipo mlangizi wa kwanuko angakuuzeni womwe ukupezeka.

Ubwino wa mtedza ndi wakuti duwa lake limadzibereketsa lokha, choncho mbewu yabwino mukaigula mungathe kuibwereza zaka ziwiri kapena zitatu osasintha mtundu. Vuto ndi lakuti ambiri aife timaibwereza zaka 10, itasakanikirana ndi ya kumsika, ndiye n'kumati CG7 anatha mphamvu. Sanathe mphamvu. Chomwe mukubzalacho si CG7 ayi, ndi chisakanizo. Njira inanso yomwe yathandiza alimi ndi kubzala mizere iwiri pamzere umodzi m'malo mwa umodzi. Mitengo imachuluka pamalo omwewo, nthaka imaphimbika msanga, udzu umachepa, ndipo nsabwe zija sizikonda munda wothinana.

Komabe mtedza wobereka si ndalama mpaka utagulidwa. Kuno ku City Centre kuli likulu la NASFAM, bungwe la alimi ang'onoang'ono lomwe linakhazikitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Alimi ake a ku Mchinji anafika pogulitsa mtedza wawo ku Britain kudzera mu ndondomeko ya Fairtrade. Chinali chinthu chachikulu, chifukwa msika wa ku Ulaya unali utatitsekera zitseko kaamba ka chuku. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wosaoneka ndi maso, wosatha ngakhale mukazinge kapena kuphika, yemwe amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Alimi a ku Mchinji sanabwezeretse msikawo ndi mbewu yokha. Anasintha kakololedwe ndi kaumitsidwe, n'kumayezetsa mtedza wawo usanatumizidwe.

Ndiye ndinene mosapsatira. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, kapena kuti ulemere pasikelo, ndi chomwe chimaitana chuku. Kuyanika mtedza padothi, chimodzimodzi. Kuuthira m'thumba usanaumitsitse, chimodzimodzi. Ndipo choipitsitsa n'chakuti tikasankha wabwino wogulitsa, wofota ndi wowola uja ndi womwe timasinja nsinjiro zotendera ndiwo ndi kuthira m'phala la mwana. Inu amene mumadya nkhomaliro pamsika wa Area 13, chisoso kapena nkhwani wotendera uja anachokera m'munda wa winawake. Nkhaniyi ikukukhudzani.

Pa soya ndidutsa mwachangu. Mtundu wa Tikolore, womwe unatuluka mu 2011 mothandizidwa ndi bungwe la IITA, unafala kwambiri chifukwa chocha msanga. Soya amafuna kusakanizidwa ndi inokyulanti pobzala, ndipo kapaketi kake n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi thumba la feteleza. Mbewu ya soya imafa msanga ikasungidwa potentha, choncho ya chaka chatha musaikhulupirire musanaiyese. Ndipo chiwawu chomwe chinaononga soya m'chaka cha 2023 chinatikumbutsa kuti mbewu yamakono nayo imakalamba: matenda amasintha, ndipo akatswiri amayenera kutulutsa ina. Munda womwe munali soya kapena mtedza chaka chino, chaka chamawa mubzalemo chimanga, muone kubiriwira kwake.

Palinso mbewu zomwe phindu lake silionekera pasikelo koma m'thupi. Nyemba za NUA45 zili ndi mchere wa ayironi ndi zinki wochuluka, wothandiza magazi. Mbatata zofiira mkati monga Kadyaubwerere, Kaphulira, Mathuthu, Chipika ndi Anaakwanire, zomwe zinatuluka mu 2011 kudzera ku Bvumbwe, zili ndi vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha ana. Kulinso chimanga cha olenji cha vitamini yemweyo. Anzathu a m'mapoloti akuluakulu a ku Area 10 ndi Area 43, mizere ingapo ya mbatata zimenezi kuseri kwa nyumba ingakupindulireni kuposa kapinga wothirira tsiku ndi tsiku.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tsopano za akathyali. Nyengo yobzala ikafika, kumatuluka anthu omwe amagula chimanga wamba, n'kuchipaka utoto wofiira kapena wobiriwira, n'kuchilongedza m'mapaketi ofanana ndi a kampani. Mlimi amazindikira mu Febuluwale, feteleza atathira kale, thukuta atakhetsa kale. Chaka chatha basi. Ndipo munthu wopusitsidwa chotere akamati mbewu yamakono ndi bodza, mungamutsutse bwanji?

M'chaka cha 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la mbewu, lomwe linakhwimitsa zilango kwa ogulitsa mbewu yachinyengo. Mbewu yovomerezeka imayendera m'manja mwa nthambi yoyeza mbewu ya ku Chitedze, ndipo makampani ake ali m'bungwe la Seed Trade Association of Malawi. Koma lamulo silikhala nanu pa kauntala. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka, wa sitolo yomwe mudzaipeza pomwepo chaka chamawa, osati pamphasa ya m'mbali mwa msewu kapena mbewu yoyezera m'mbale. Onani ngati paketi ndi yomata bwino, yosasokedwanso. Onani chizindikiro chosonyeza kuti inayezedwa, nambala ya gulu lake, ndi tsiku lomwe inayezedwa. Ngati pali pokanda ngati pa mayunitsi, kandani ndi kutumiza nambalayo musanachoke pasitolopo. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani. Lisiti itengeni, ndipo paketi yopanda kanthu musaitaye mpaka mutakolola, chifukwa ndiwo umboni wanu kwa mlangizi kapena ku ofesi ya zaulimi ya m'boma lanu.

Inu otumiza mbewu kumudzi, pali ntchito ina yomwe foni yanu ingagwire kuposa kutumiza ndalama. Pezani nambala ya mlangizi wa dera la kwanu, kapena ya mlimi wachitsanzo wa m'mudzimo. Afunseni kuti pamunda wachionetsero chaka chatha ndi mbewu iti inachita bwino m'dothi la kumeneko. Mufunsenso amene adzalime mundawo. Ngati agogo akuumirira kusunga kagawo ka chimanga cha makolo, asiyeni, musakangane nawo. Akudziwa kukoma kwa chimanga chachiwisi chootcha, akudziwa thobwa lake, ndipo mbewu za makolo zomwezo n'zomwe akatswiri amakatengako mphamvu popanga zatsopano. Ku Chitedze komweko kuli nkhokwe yosungira mbewu zoterezi kuti zisatheretu.

Pomaliza, nayi ntchito yoti muchite sabata ino, mvula isanagwe. Tapani mbewu 100 kuchokera m'paketi kapena m'thumba lomwe mukufuna kubzala, osasankha zokongola zokha. Ziyaleni m'mizere 10 pa chiguduli chonyowa, muphimbe ndi china, kapena muzibzale m'dothi lonyowa pamthunzi pomwe nkhuku sizifika. Muziwaza madzi tsiku lililonse. Pakatha masiku 7, werengani zomwe zamera. Chimanga chovomerezeka chiyenera kumera 90 kapena kuposa apo. Zikamera zochepera 80, musadikire kuti mukaonere kumunda: tengani paketi ndi lisiti, mubwerere komwe munagula. Muyesenso chimodzimodzi mtedza, soya ndi nyemba zomwe munasunga.

Sabata yamawa, nthawi ngati yomweyi, tidzakamba za mbozi ya ntchemberezandonda: momwe mungaizindikirire chimanga chikadali m'mawondo, ndi nthawi yoyenera kuthira mankhwala. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)